Mtanda pa Phala la Mayi Eleni

Lamulungu limenelo linali la ofu yanga, yoyamba m'masabata awiri, ndipo munthu wanzeru akanagona mpaka dzuwa litakwera. Ine sikisi koloko inandipeza pa siteji ya basi ku Rotherham, nditakumbatira mabakuli awiri opanda kanthu omangidwa m'chitenje, ngati mayi wopita kukazonda matenda. Ndinkapita ku Salford, ku chikondwerero cha Agiriki, anthu amene ngakhale moni wawo sindinkaudziwa.

Anandidzutsa m'mawa chonchi ndi mayi Eleni. Ndimagwira ntchito m'nyumba ina yosamaliramo okalamba, ndipo mayiwa anali a m'chipinda chakumapeto, gogo wochepa thupi, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu. Anachokera ku Cyprus ali mtsikana, moyo wawo wonse n'kuthera pokazinga nsomba ndi tchipisi limodzi ndi amuna awo, a Andreas, amene anamwalira kale. Mwana wawo mmodzi yekhayo ali ku Australia. Matenda oiwalaiwala anawalanda Chingerezi chonse n'kuwasiyira Chigiriki chokha, ndipo m'nyumba monsemo munalibe wochimva. Ine ndi iwo tinkamvana ndi manja. Ndikamawapesa ankandigwira tsaya, ndikamawasambitsa ndinkawaimbira nyimbo za mvano, iwo n'kumang'ung'udza zawo.

Tsono kuyambira Lolemba anasiya kudya. Madzi ankamwako pang'ono, koma chakudya ayi. Ndikawapatsa phala ankatenga supuni, n'kusalaza pamwamba pake bwinobwino ngati munthu wozira nyumba, kenako n'kulembapo mtanda, n'kundikankhira mbaleyo. Ine ndinkaibweza. "Idyani amama, n'lanu limeneli." Iwo ankaikankhanso. Tikakankhirana katatu ankatembenukira kukhoma misozi ili chuchuchu, ine n'kukalemba pa tchati kuti akana. Ndinalemba mawu amenewo masiku asanu ndi limodzi. Loweruka masana a Sisitala Gondwe, namwino wotiyang'anira, Mmalawi mnzanga wa ku Rumphi, anandiitanira pambali.

"Anaphiri, dokotala akubwera Mande m'mawa. Akapeza tchati ili chonchi, it's hospital, palibe zokambirana. Ndiye mukudziwa nokha, gogo wotere akachoka pa malo amene anazolowera..."

Sanamalize, ndipo kumalizako kunali kosafunika. Ndinachita mantha. Amayi anga ondibala anamwalira ku Ntcheu zaka ziwiri zapitazo, nawonso atayamba ndi kukana chakudya, ine ndili kuno ndikudyetsa amayi a eni ake. Maliro awo ndinaonera pa foni. Sindinkafuna kuonanso munthu akutha ndi njala mbale ili patsogolo pake.

Madzulo ake, pa gulu lathu la pa foni la amayi a mvano, mayi wina wa ku Salford anaika chithunzi cha chikwangwani. Tchalitchi cha Agiriki kumeneko chinali ndi chikondwerero cha zakudya ndi magule mawa lake, kutseka faifi koloko. Ndinaganiza chimene Mmalawi aliyense akanaganiza: wodwala akakana za kuchipatala, umamupezera za kumudzi kwawo. A Sisitala anati mayi Eleni alibe vuto lomeza, ndiye chilichonse chofewa ndibwere nacho.

"Koma pa Sande, achemwali? Mayendedwe a pa Sande mukuwadziwa?"

Ndinati ndikuwadziwa, pamene sindinkawadziwa n'komwe. Basi ya sikisi imene ndinkaidikira ija imayenda mkati mwa sabata mokha. Ndinaima pa sitejipo ola lathunthu ndi theka, ine ndi njiwa ziwiri, ndikuwerenga ndandanda ya nthawi kangapo konse ngati kuti isintha ndikaiyang'anitsitsa. Basi ina itabwera, dalaivala anandipatsa moni wansangala, ine n'kumuyankha ngati ndi iye anaichedwetsa. Ndinalipira mapaundi awiri n'kukhala kutsogolo, mabakuli ali pamiyendo.

Ku Sheffield ndinathamangira ku siteshoni ya sitima, poti sitima ya ku Manchester imatenga ola limodzi basi. Pakhomo panaima bambo wovala jekete lachikasu amene ankanena mawu amodzimodzi kwa aliyense: lero kulibe sitima, akukonza njanji, mabasi ali kuseri. Tikiti ndi yomweyo, mtengo ndi womwewo, koma ulendo ndi wodutsa m'mapiri. Mzere wa kuseriko unali wautali. Basi yoyamba inadzaza ine ndili wachitatu kuchokera pakhomo. Ndinamuchonderera dalaivala kuti ndiima, kapena ndikhala pa masitepe, sindidandaula. Anandiyang'ana ngati ndapempha kukwera padenga. Kwathu kondakitala akanangoti sunthani pamenepo amayi akwere, koma kuno mpando umodzi ndi wa munthu mmodzi, ngakhale munthuyo akhale wowonda ngati bango. Basi inapita ndikuiona.

Yachiwiri inanyamuka teni koloko itadutsa. Ndinakhala moyandikana ndi bambo wina wamtali, wovala suti ya kutchalitchi, amene anayamba wayang'anitsitsa chitenje changa asanayang'ane ine.

"Iyi chitenge ni ya ku Malawi olo ni ya kwathu?" anafunsa.

Anali a Zulu, a ku Katete ku Zambia. Amagwira ntchito yolongedza katundu ku Rotherham, ndipo ankapita ku Bolton kukaona akazi awo, amene shifiti zawo sizinkawalola kubwera. Atamva kuti mabakuli ndi opanda kanthu anaseka, ndipo nditawafotokozera za mayi Eleni anapukusa mutu.

"Manje ba sister, ulendo onse uyu, pa day off, chifukwa cha nkhalamba ya bene? Simuli na bana kunyumba?"

"Ana ali ndi bambo awo," ndinatero. "Gogoyu ali ndi ndani?"

Ndinayankha mokalipa kuposa mmene ndinafunira. Posakhalitsa tinatuluka mu mzinda. Nyumba zinatha, msewu unayamba kukhotakhota chokwera, ndipo mbali zonse kunali mapiri opanda mtengo, udzu ndi nkhosa basi. Ndinawerengera kuti tikafika ku Manchester thwelofu koloko, ndidzakhala ndi maola asanu. Mtima unayamba kukhala pansi.

Tili pamwamba penipeni basi inayamba kutsokomola. Kenako tinamva fungo la chinthu chopserera, ndipo dalaivala anaikhotetsera pambali n'kuzimitsa injini. Anatiuza mwaulemu kwambiri kuti pali kavuto pang'ono. Ndakhala kuno nthawi yokwanira kudziwa kuti mzungu akati kavuto pang'ono, konzekera kugona pomwepo. Netiweki panalibe. Dalaivala anayenda wapansi kukwera chitunda, foni ataikweza m'mwamba, mpaka anasanduka kadontho.

Tinakhala pamenepo maola awiri ndi theka. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti panalibe woti n'kukangana naye. Kwathu bwenzi amuna atazungulira injini, aliyense ali makaniko, amayi atayala zitenje akudandaula mokweza, wina akugulitsa nthochi. Apa anthu anangokhala m'mipando mwawo akuwerenga mabuku. Mtsikana wina amene ankathamangira ndege ankalira mwakachetechete, nkhope atalozetsa pawindo. Ine ndinkatuluka, n'kulowa, n'kutulukanso, ndikuimitsa galimoto iliyonse yodutsa, koma palibe inaima. Kunayamba kuwaza kamvula. Nkhosa ina inabwera n'kuima pafupi nane ikubzikula, ndipo ndinadana nayo chifukwa inkadya.

Gogo wina wachizungu anandinong'oneza kuti wapanikizika, chimbudzi cha m'basi n'chotseka, ndipo mpanda wa miyala wa m'mbali mwa msewu unali waufupi. Ndinamasula chitenje pa mabakuli, n'kumutsogolera kuseri kwa mpandawo, n'kumutchingira. Anathokoza kasanu konse. Pobwerera ndinapeza a Zulu atandisungira mabakuli pamiyendo pawo, atatulutsanso mtedza wokazinga.

"Dyaniko ba sister. Mukagwa na njala, nkhalamba yanu azaidyesa ndani?"

Ndinatapako pang'ono n'kuwabwezera. Wani koloko inakwana tili pomwepo. Ndinaweramira pa mpando wakutsogolo n'kupemphera pemphero lopanda ulemu. Ndinati Ambuye, amayi anga munawatenga ine ndili kutali, sindinalankhule kanthu. Awa ali pafupi, musandichititse manyazi kawiri.

Basi yodzatitenga inafika cha m'ma hafu wani. Tinatsetsereka mpaka ku Glossop, ndipo kungotuluka m'tawuni imeneyo tinalowa mu mzere wa magalimoto woyenda ngati wa pamaliro. Bambo wina woyenda ndi galu wake m'mbali mwa msewu anatipitirira kawiri. Foni yanga, imene inatha mphamvu posakasaka netiweki m'mapiri muja, inazima ndikuyang'ana mapu. Chaja ndinali nditaisiya pa tebulo kunyumba. Tinalowa mu Manchester fili koloko itangodutsa.

A Zulu anali ndi basi yawo ya ku Bolton yoti athamangire, komabe anandiperekeza mpaka pokwerera thiramu, kasitima kamene kamayenda mumsewu. Anati anaionapo ikupita ku Salford. Anandigwira chanza ndi manja awiri. "Muyende bwino mayo. Nizamupempherera uyo gogo."

Apa ndiye pamene ndinalakwitsa ndekha. M'mutu mwanga Salford anali ngati pa boma kwathu, poti ukatsika n'kufunsa kuti tchalitchi cha Agiriki chili kuti, wogulitsa tomato aliyense akulozera. Thiramu inanditula pakati pa nyumba zazitali zagalasi, madzi ndi milatho, malo oti tchalitchi sungachiganizire n'komwe. Ndinafunsa anthu asanu ndi mmodzi. Awiri anali alendo, atatu anapepesa, wina sanavule n'komwe zomvetsera za m'makutu. Ndinakhala pa benchi mabakuli ali m'manja, ndipo ndinalira ngati mwana wotayika pamsika. Ndinali nditataya mtima, ndikuona kale mayi Eleni akutulutsidwa pa machira Lolemba.

Anandipeza ndi mayi wina wosesa, wa ku Ghana. Sanafunse zambiri. Anatulutsa foni yake, n'kusaka, n'kundiuza kuti ndili ku mbali yolakwika ya Salford, ndikwere mabasi awiri. Anandilemba manambala ake pa mkono ndi cholembera, n'kundikankha pamsana kuti ndithamange. Nthawi inali folo koloko. Basi yoyamba inabwera msanga, yachiwiri inaima pa siteji iliyonse imene Mulungu analenga. Nditangomva nyimbo chapatali ndinaimba belu n'kutsika, osadziwa kuti kwatsala siteji ina yathunthu. Mtunda umenewo ndinathamanga, mayi wamkulu ngati ine, zivindikiro za mabakuli zikulira.

Ndinalowa pa geti kutatsala mphindi khumi ndi zisanu kuti atseke. Panali timbendera toyera ndi tobiriwira ngati thambo, utsi wa nyama, ndi anthu ovina mozungulira atagwirana manja. Sindinaziyang'ane kawiri. Amuna anali atayamba kupinda matebulo. Tebulo loyamba, nyama yatha. Lachiwiri, zatha. Lachitatu panatsala timakeke touma todzaza mtedza ndi uchi, toti gogo wa masiku asanu ndi limodzi osadya sangatiyambe. Ndinaona chitseko chotsekula kuseri kwa holo, ndipo ndinalowa osaodira.

Inali khitchini. Mayi wina wonenepa wovala zakuda, amene anzake ankamutchula Despina, ankatsuka mapoto. Anatsegula pakamwa kuti andibweze, koma ine ndinayamba kale kulankhula, zonse pamodzi, Rotherham, gogo, dokotala, basi, nkhosa. Ndinamutambasulira mabakuli. Ndinati chilichonse cha kwanu, ngakhale zokokota m'poto.

"Dikira kaye, mwana wanga," anatero m'Chingerezi. "Ukamupatsa chakudya amatani? Amalavula?"

Pa tebulo panali thireyi ya mpunga wotsala. Ndinatenga supuni, n'kusalaza, n'kulemba mtanda, n'kumukankhira thireyiyo monga amachitira mayi Eleni. Mayi Despina anaika poto pansi. Anapukuta manja pa epuloni, n'kudzilemba chizindikiro cha mtanda.

"Mwamuna wake anamwalira mwezi wanji?"

Ndinakumbukira kakhadi ka maliro kamene kali pa chithunzi cha a Andreas, pamutu pa bedi. Unali mwezi womwe uno. Kaya mayi Eleni anadziwa bwanji kuti mwezi wakwana, munthu woiwala dzina la mwana wake, mpaka lero sindidziwa.

Mayi Despina anandikhazika pa mpando n'kundifotokozera. Kwawo, tsiku lokumbukira womwalira likafika, wamasiye amawiritsa tirigu wosakonola, n'kusakaniza ndi shuga, mphesa zouma ndi makangaza. Amautcha koliva. Amasalaza pamwamba, n'kulembapo mtanda, n'kupita nawo kutchalitchi kuti wansembe atchule dzina la malemu. Akatero wamasiyeyo amagawira anthu, ndipo aliyense wolandira amadya n'kunena kuti Mulungu amukhululukire. Mwini wake sayamba kudya ena asanalandire.

"Ndiye akakupatsa, iwe umatani?" anandifunsa.

"Ndimabweza."

Sanandikalipire, anangondiyang'ana, ndipo zikanakhala bwino akanandikalipira. Ndinayesa kudziteteza. Kwathu wodwazika matenda sadya chakudya cha wodwala, n'chamanyazi, anthu angakunene mudzi wonse. Kuntchito nakonso n'koletsedwa. Koma sadaka ndimaidziwa. Ndinaganiza za mayi wophika sadaka ya mwamuna wake, n'kupereka mbale kwa munthu yekhayo amene ali naye, munthuyo n'kumubwezera, katatu patsiku, sabata yathunthu.

M'mawa wa tsikulo kutchalitchiko ankakumbukira mchimwene wa mayi Despina, ndipo tirigu wina anatsala m'poto, sanapite kuguwa. Anamuthira m'bakuli langa, n'kuwaza shuga, n'kusalaza, n'kulemba mtanda ndi mphesa zouma. M'bakuli linalo anathira supu wa nkhuku, mpunga ndi mandimu amene amayi a m'khitchinimo anadzisungira okha. Kenako anatuluka n'kubwera ndi wansembe, bambo wa ndevu zoyera amene anali akadali ndi mbale ya pepala m'manja. Ndinalemba dzina la a Andreas pa kapepala. Mayi Despina anabaya kandulo m'tirigumo, ndipo wansembeyo anaimba pemphero lalifupi pakati pa mapoto, amayi otsuka aja akuyankhira manja ali thovu lokhalokha. Ndinamva mawu amodzi okha, dzina lija. Mayi Despina anandiphunzitsa mawu a Chigiriki oti ndikanene ndikadya, n'kundilembera pa mkono, pansi pa manambala a mabasi. Ndalama anakana, ndipo anandithamangitsira yekha ku siteshoni pa galimoto yake.

Ulendo wobwerera unayenda bwino mochita kukwiyitsa. Basi inakwera mapiri omwe aja osatsokomola ngakhale kamodzi. Ndinafika kuntchito cha m'ma hafu eyiti, dzuwa la chilimwe likadali kunja. A Sisitala Gondwe anali ataweruka, koma ndinawapeza atakhala pakhomo, chikwama chili pamiyendo.

"Foni yanu yatani, achemwali? Ndaimba ka twente."

Ndinangowagwira dzanja n'kuwakokera ku chipinda chakumapeto. Mayi Eleni anali maso, atayang'ana kukhoma. Milomo inali itauma, ndipo nkhope inaoneka yaing'ono kuposa dzulo. Tinawadzutsa n'kuwatsamiritsa pa mapilo. Nditavundukula bakuli ndinapeza kuti mabampu asokoneza zonse, shuga wasungunuka, mtanda wabalalika. Mtima unandipweteka kuti ndavutikira pachabe. Koma iwo ananunkhiza, n'kuyang'ana m'bakulimo nthawi yaitali. Anatenga supuni, n'kusalaza pamwamba, n'kulemba mtanda wawo. Kenako anandikankhira.

Ndinayang'ana a Sisitala, poti iwo ndi amene amasunga malamulo.

"Idyani, Anaphiri," anatero. "Mundisiyireko nanenso."

Ndinatapa supuni yodzaza. Mawu a pa mkono aja anali atafufutika ndi thukuta, ndiye ndinanena m'Chichewa momwemo. "Mulungu awakhululukire a Andreas, ause mumtendere." Atamva dzinalo mayi Eleni anatseka maso, kenako anawatsegula n'kuyang'anitsitsa pakamwa panga mpaka nditameza. Anakankhira bakuli kwa a Sisitala, nawonso anadya n'kutchula dzinalo. Anandikankhiranso ine, ndipo supuni yachiwiriyo ndinatchulira amayi anga chamumtima. Zitatero anakokera bakuli pachifuwa pawo n'kuyamba kudya, pang'onopang'ono, akulankhula ndi chithunzi chija m'chinenero chawo. Supu anamwa theka.

Dokotala atabwera Lolemba anati tiwaonebe pomwepo, asapite kulikonse. A Sisitala analemba m'buku la chisamaliro chawo kuti wowadyetsa azibwera ndi kambale kake, alandireko kaye.

Koma madzulo a Lamulungu lija, ndisanapite kunyumba, ndinatenga tchati kuti ndilembe zimene adya. Pamwamba pa mzere wanga panali mizere ya sabata yonse, yolembedwa ndi dzanja langa lomwe: akana, akana, akana. Ndinaima nayo m'khonde nthawi yaitali, cholembera chili m'manja. Mayi Eleni sanakane tsiku ngakhale limodzi. Amene ankakana ndinali ine.